Kukazinga nganga ya nkhuku m'chiwaya cha cast iron osaiumitsa

Nganga ya nkhuku ndi nyama imene anthu ambiri anaitaya mumtima. Amati ndi youma, imatsamwitsa, kuitafuna kuli ngati kutafuna thonje. Ntchafu ndi mapiko zimatha msanga m'mbale, nganga n'kutsala yokha ikuyang'ana kudenga. Koma nyamayi ilibe mlandu. Olakwa ndi ife ophika, amene timaisiya pamoto nthawi yaitali poopa kudya yaiwisi, moti pomadzaiphula imakhala italirira misozi yake yonse m'chiwaya.

Pali zinthu ziwiri zimene zimavutitsa nganga. Choyamba, mnofu wa pachifuwa cha nkhuku ulibe mafuta ambiri. Pa magalamu 100 a nganga yopanda khungu, mafuta safika ngakhale magalamu 4, pamene ntchafu ili ndi ochulukirapo, kuwonjezera apo ili ndi timitsempha timene timasungunuka ikamapsa n'kuifewetsa. N'chifukwa chake ntchafu mutha kuiiwala pamoto kwa mphindi zingapo n'kuipeza idakali bwino, koma nganga sikhululuka. Chachiwiri ndi kapangidwe kake. Mbali imodzi ndi yonenepa, inayo imanka icheperachepera mpaka kusongoka ngati tsamba. Mukaiponya m'chiwaya mmene ililimo, kunsongako kumapsa n'kuuma gwa, pakati ponenepa padakali paiwisi. Inu n'kumadikira pakatipo, kwinako kukusanduka chikopa.

Chiwaya cha cast iron ndi chija cholemera, chakuda bii, chimene amachipanga posungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole, kotero kuti chigwiriro ndi thupi lake zimatuluka zili chinthu chimodzi. Cha masentimita 30 chimalemera makilogalamu opitirira atatu, ndipo kulemera kumeneko ndiye chuma chake. Chiwaya chopyapyala cha aluminiyamu chimatentha msanga, koma mukangoikamo nyama yozizira nachonso chimazizira msanga, nyama n'kuyamba kutulutsa madzi ndi kuwira m'malo mokazingika. Cha cast iron chimachedwa kudzuka, koma chikatentha chimakhala chasunga moto wambiri m'thupi mwake, nyama yozizira siichigwetsa.

Anthu ena amanena kuti chiwayachi chimatentha mofanana paliponse. Si zoona. Chitsulo sichiyendetsa kutentha mofulumira ngati aluminiyamu kapena mkuwa, choncho mukachiika pamoto waukulu, pamene lawi likugunda pamapsa zedi koma m'mbali mudakali mofunda chabe. Mankhwala ake ndi kuchipatsa nthawi, ndipo tifikako.

Musanayatse moto

Ntchito yaikulu ya nganga imachitika pathabwa, moto usanayatsidwe. Ngati nyama yanu ndi youma ndi chisanu cha m'firiza, itsitsireni m'firiji dzulo lake, muiike m'mbale pashelefu ya pansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Mukafulumira, itsekereni m'pulasitiki yosalowa madzi, muiviike m'madzi ozizira, muzisintha madziwo pakapita mphindi 30 zilizonse. Osaisiya patebulo tsiku lonse, chifukwa kunja kwake kumafunda tizilombo n'kuyamba kuswana mkati mukadali mwala.

Ndikudziwa kuti manja amayabwa kufuna kuitsuka pampope. Lekani. Nkhuku yaiwisi imatha kukhala ndi mabakiteriya a Salmonella ndi Campylobacter, ndipo madzi sawapha, amangowamwaza. Timadontho timene timathovukira m'sinki, pambale zotsukatsuka ndi pamalaya panu ndi timene timadwalitsa. Mabungwe oona za chitetezo cha zakudya monga USDA ya ku United States ndi Food Standards Agency ya ku Britain onse amalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe. Chimene chimapha tizilomboti ndi moto. Mukaona kamagazi kapena kafupa, chotsani ndi pepala lopukutira la kukhitchini, mulitaye, musambe m'manja ndi sopo.

Tembenuzani ngangayo muone kunsi kwake. Nthawi zambiri pamakhala kamnofu kakatali kolendewera, kofewa kwambiri, kokhala ndi mtsempha woyera kumutu kwake. Kachotseni, mukakazinga pakokha, kamapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Kameneka ndi ka wophika, palibe amene amakawerengera.

Tsopano linganizani kunenepa kwake. Ikani nganga m'kathumba ka pulasitiki kapena pakati pa mapepala awiri ophikira, muigoneke pathabwa, kenako muisasanthe ndi kunsi kwa kapoto kolemera kapena ndodo yofulira mtanda wa buledi. Menyani ponenepa pokha, kuchokera pakati kupita kunja, osati mwaukali ngati mukubwezera chipongwe, chifukwa mukapitirira muyeso mnofu umang'ambika. Cholinga n'chakuti nganga yonse ikhale yokhuthala masentimita awiri kapena kucheperako pang'ono, kumutu ndi kunsonga chimodzimodzi. Ngati ndi yaikulu kwambiri, yoposa magalamu 300, kuli bwino kuidula chopingasa: ikani chikhatho pamwamba pake, mpeni wakuthwa uyende chogona kuchokera kumbali yonenepa, mutulutse zigawo ziwiri zopyapyala. Pa zonse zimene ndalemba pano, mukati musankhepo chimodzi chokha, sankhani ichi cha kulinganiza. Chimasintha nyama kuposa zokometsera zilizonse.

Ndinenepo pang'ono za nganga zikuluzikuluzi. Nkhuku zoweta za nyama zimene zimakula mofulumira kwambiri nthawi zina zimakhala ndi vuto lotchedwa woody breast, pomwe mnofu umakhala wolimba ukadali wauwisi, ndipo nthawi zambiri umaoneka wotuwa. Siidwalitsa, koma ngakhale muiphike mwaluso bwanji imakhalabe yokukutika m'kamwa. Posankha, dinani ndi chala pamwamba pa paketi. Yabwino imabonyoka n'kubwerera, yovutayo imangoti gwa ngati mwadina thabwa. Ine ndimakonda zapakatikati, za magalamu 200 kapena 250.

Mchere ndiye wotsatira. Pa theka la kilogalamu ya nyama, supuni yaing'ono imodzi yosadzadza kwenikweni ya mchere wosalala ndi yokwanira, ndiye kuti magalamu 5 kapena apo. Wazani mbali zonse ziwiri. Nthawi yothira mchere ili ndi nkhani yake. Mchere ukangogwera panyama umakoka madzi kuwatulutsa kunja, ndipo pakatha mphindi 10 mudzaona pamwamba pali thukuta. Mukadikirabe, madzi amcherewo amabwereranso mkati, n'kukamasula minofu kuti isadzafinyike kwambiri ikamapsa. Choncho thirani mchere mphindi 40 kapena ola limodzi musanaphike, kapenanso usiku wake n'kuisiya m'firiji. Ngati nthawi palibe, thirani pomwe mukuti muiike m'chiwaya. Choipa ndi chapakatichi, kuthira n'kudikira mphindi 10, chifukwa mumakazinga nyama ili chinyowere.

Tsabola wakuda wopera mutha kuthira limodzi ndi mcherewo. Paprika, amene ndi ufa wa tsabola wofiira, ndi ufa wa adyo zilinso bwino, koma pang'ono chabe popeza zimapserera msanga pachitsulo chotentha. Adyo wamuwisi wosinja musamupake panyama, amada n'kuyamba kuwawa nyama isanapse, nthawi yake ikubwera. Zonyikamo nyama zokhala ndi uchi kapena shuga nazonso zimapserera, ndiye ngati mwaviika nyama m'zoterezo, ipukuteni bwino ndipo moto ukhale wocheperako.

Chomaliza pathabwa ndi kupukuta. Tengani pepala lopukutira mudinedine nyamayo mbali zonse mpaka pepala lizituluka louma. Madzi amawira pa madigiri 100 pa muyeso wa Celsius, ndipo malinga ngati pamwamba pa nyama pali madzi, kutentha kwake sikungapitirire pamenepo. Kufiira kokoma kumene tikufuna kumayamba bwino kutentha kukafika cha m'ma 140 kupita m'mwamba. Nyama yonyowa imayamba yaphikika ndi nthunzi, n'kutuluka yotuwa ngati yodwala.

Kutenthetsa chiwaya

Ikani chiwaya chopanda kanthu pamoto wapakati, muchisiye mphindi 5 mpaka 8. Inde, zonsezo. Musachifulumizitse ndi moto waukulu, chifukwa pakati padzapsa mopitirira ndipo chikatero chimachedwanso kuzizira, mudzalimbana nacho mpaka nyama itapserera. Ngati mukuphika pa gasi ndipo lawi ndi laling'ono poyerekeza ndi chiwaya, muzichizunguza pang'ono nthawi ndi nthawi. Pa sitovu yamagetsi musachikhwekhwereze, makamaka ngati pamwamba pake ndi pagalasi, chinyamuleni. Pamakala, dikirani malawi athe, makala ayere ndi phulusa pamwamba, ndiye muikepo.

Kuti mudziwe ngati chatentha, nyowetsani nsonga za zala muwaze timadontho tiwiri titatu. Tikangokhala pamalo amodzi n'kumawira pang'onopang'ono, sichinafike. Tikalira n'kuuma nthawi yomweyo, chatsala pang'ono. Tikayamba kuthamangathamanga m'chiwaya ngati timikanda, chafika, musachipitirizenso. Onetsetsani kuti madziwo aumiratu musanathire mafuta.

Mafuta akhale opirira moto: a mpendadzuwa, a canola, a mtedza oyengedwa bwino, kapena ena aliwonse wamba ophikira. Batala musayambe naye, chifukwa timkaka timene tili mwa iye timapserera chiwaya chisanafike pomwe tikufuna. Supuni yaikulu imodzi kapena imodzi ndi theka ndi yokwanira. Pendeketsani chiwaya kuti afike paliponse. Akayamba kuyenda mopepuka ngati madzi ndi kunyezimira, nthawi yakwana. Kautsi kakang'ono kongoyamba kumene si vuto, koma utsi ukati tolo, chotsani chiwaya pamoto, chizizireko, mupukute mafutawo n'kuthira ena. Mafuta opserera amapatsa nyama kakuwawa kamene simungakachotse ndi msuzi uliwonse.

Ikani, kenako chotsani manja

Gwirani nganga kunsonga, mbali yosalala iyang'ane pansi, muigoneke kuyambira kufupi ndi inu kupita kutali, kuti mafuta akathovuka athovukire uko osati pamkono panu. Muyenera kumva kulira kwamphamvu nthawi yomweyo. Ikangoti zii, itulutseni, chiwaya sichinatenthe. Dinani pang'ono pamwamba pake ndi chotembenuzira kwa masekondi 10 kuti thupi lonse ligunde chitsulo. M'chiwaya cha masentimita 30 muike nganga ziwiri, zikachepa zitatu, ndipo pakati pake pazikhala mpata woti chala n'kudutsa. Mukazithithikiza, nthunzi imasowa kothawira ndipo mwabwereranso ku nyama yowira ija. Anthu akachuluka, kazingani maulendo awiri.

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Nyama ikangolowa m'chiwaya, dzanja limafuna kuisuntha, kuisuzumira kunsi, kuibaya ndi foloko. Ulendo wanga woyamba ndi chiwaya chotere ndinatero. Patangotha mphindi imodzi ndinafuna kuona ngati yayamba kufiira, ndinapeza yakakamira. Ndinalowetsa chotembenuzira mwamphamvu n'kuikanganula, theka la pamwamba pake linatsala pachitsulo, nyama n'kutuluka yonyotsokanyotsoka ngati yalumidwa ndi galu. Ndinatukwana chiwaya, ndinachiika pansi pa kabati miyezi ingapo. Chonsecho chiwaya chinalibe vuto.

Chimene chimachitika n'chakuti mapuloteni a nyama yaiwisi akagunda chitsulo chotentha amagwirana nacho. Koma pamwamba pakauma n'kupanga kakhungu kofiira, nyama imadzimasula yokha. Kufiirako kumabwera pamene tizigawo ta mapuloteni tikumana ndi tishuga tochepa ta m'nyama pamoto waukulu, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi dzina lake. Fungo la buledi wongotuluka mu uvuni ndi la khofi wokazinga limachokeranso komweko. Nganga yophika m'madzi ilibe fungo limeneli, n'chifukwa chake imamveka yozizira m'kamwa ngakhale muithire mchere wokwanira.

Ndiye isiyeni mphindi 5 kapena 6 osaikhudza. Maso anu akhale m'mbali mwa nyamayo. Mudzaona kuyera kukukwera kuchokera pansi, pang'onopang'ono, ngati madzi akukwera m'nsalu. Kukafika cha pakati pa kukhuthala kwake, ndipo m'mphepete mwa pansi mukuoneka kufiira, yesani kuinyamula ndi chopanira. Ikanyamuka mosavuta, itembenuzeni. Ikakana, ipatseni mphindi ina imodzi. Makutu nawonso agwire ntchito: kulira kukayamba kuchepa n'kumamveka ngati kubwata, moto wachepa, onjezerani pang'ono. Mukamva fungo la kupserera mphindi zitatu zisanakwane, moto wachuluka, chepetsani kapena sunthirani chiwaya pambali kwa kanthawi.

Mukatembenuza, chepetsani moto ufike pakati kapena kutsikirapo. Chiwaya chasunga kale kutentha kokwanira, ndipo mbali yachiwiri sifuna nthawi yofanana ndi yoyamba, mphindi 3 mpaka 5 zimakwana malinga ndi kukhuthala kwake. Zigawo zopyapyala zodula chopingasa zija zimangofuna mphindi zitatu mbali yoyamba, ziwiri mbali inayo.

Kukatsala mphindi ziwiri, ponyani supuni yaikulu ya batala pambali pa nyama, ndi adyo awiri kapena atatu ongophwanya ndi mpeni osasenda n'komwe, ndiponso kanthambi ka zitsamba zonunkhiritsa chakudya monga thyme kapena rosemary ngati muli nako. Batala akasungunuka n'kuchita thovu, gwirani chigwiriro ndi nsalu youma, pendeketsani chiwaya kuti batalayo asonkhane mbali imodzi, muzimutunga ndi supuni n'kumathira pamwamba pa nyama mobwerezabwereza. Apa khitchini yonse imanunkhira moti ngakhale amene amati sakumva njala amayamba kuzungulirazungulira. Batala asanduke wofiirira ngati mtedza wokazinga, osati wakuda. Akayamba kuda, chotsani chiwaya pamoto, nyama ipitiriza kupsa ndi kutentha kwa chitsulo.

Kudziwa kuti yapsa

Mphindi zonse ndatchulazi ndi zongokuthandizani kuyerekeza, chifukwa moto wanu si wanga. Woweruza weniweni ndi kutentha kwa mkati mwa nyama. USDA imati nyama ya nkhuku ifike madigiri 74 pakati pake, amene ndi 165 pa muyeso wa Fahrenheit. Kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha, thermometer ya kukhitchini, ndi kamene kanandichotsa mantha, chifukwa mantha ndi amene amaumitsa nganga. Kabayeni kuchokera m'mbali, chogona, nsonga yake ikafike pakati penipeni pa malo onenepa. Mukabaya kuchokera pamwamba n'kosavuta kupyoza mpaka kugunda chiwaya, n'kukupatsani nambala yabodza.

Nyama ikachoka pamoto siileka kupsa nthawi yomweyo. Kunja kwake kumakhala kotentha kwambiri kuposa mkati, ndipo kutenthako kumapitiriza kulowa. Ine ndimaiphula ikafika 71 kapena 72, ndimaiika pambale yofunda, ndimaivindikira mosatsekeratu ndi pepala la foyilo, n'kuyezanso pakatha mphindi zitatu kuti ndione ngati yakwera kufika 74. Ikapanda kufika, imabwerera m'chiwaya mphindi imodzi, palibe chamanyazi. Zigawo zopyapyala sizikwera kwambiri zikaphulidwa, ndiye zimenezo zifikitseni pa 74 zili m'chiwaya momwemo. Chimodzimodzinso ngati mukuphikira ana aang'ono, mayi woyembekezera, okalamba kapena wodwala, musachite zoyerekeza. Chimene muyenera kupewa ndi mbali inayo, kuifikitsa ku 80 kapena 85, chifukwa kumeneko minofu imafinyika ngati nsalu yochapa n'kutaya madzi onse.

Ngati thermometer mulibe, dinani ponenepa ndi chala kapena kumsana kwa supuni. Yaiwisi imakhala yofewa, chala chimalowa osabwezedwa. Yakupsa bwino imalimba koma imabweza chala. Yopitirira imangoti gwa. Kudina kokha kumanamiza munthu amene sanazolowere, choncho sankhani nganga yaikulu pa zonse, muicheke pang'ono ndi nsonga ya mpeni ponenepa, musuzumire. Mkati mukhale moyera mbee mpaka pakati, mopanda kamalo konyezimira ngati galasi, ndipo madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira. Mutaya timadzi pang'ono pochekapo, koma kuli bwino kutaya timeneto kusiyana ndi kuwonjezera mphindi zisanu za "mwina sinapse" pa nyama yonse.

Ipumitseni mphindi 5 musanaidule, ndipo musaisiye m'chiwaya chotentha poganiza kuti mwazimitsa moto, popeza cast iron imapitiriza kuphika kwa nthawi yaitali. Mukaidula itangotuluka, madzi amayenderera pathabwa. Mukadikira, ambiri amatsalira m'nyama.

Msuzi wa m'chiwaya momwemo

Pamene nyama ikupuma, yang'anani m'chiwaya. Pansi pake pamatira tinkhoko tofiirira. Musatitsuke, kukoma konse kuli pamenepo. Ngati tada bii n'kumanunkha kupserera, basi, msuzi walephereka ulendo uno. Koma ngati ndi tofiirira, khuthulani mafuta ochuluka mutsaze supuni imodzi, chotsani adyo ndi kanthambi kaja, bwezerani chiwaya pamoto wapakati. Ponyanimo anyezi wamng'ono wodula tosalala, mumukazinge mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka afewe. Thirani theka la kapu ya msuzi wa mafupa a nkhuku, kapena madzi otentha ngati mulibe, ndipo nthunzi ikati fuu, palani pansi ndi supuni yamtengo mpaka tinkhoko tonse tisungunuke. Usiyeni uwire mpaka utsale theka. Chotsani pamoto, ponyanimo kachidutswa ka batala wozizira, muzunguze mpaka msuzi ukhuthale n'kunyezimira, finyiranimo ndimu pang'ono, kenako thiranimo timadzi tonse timene nyama yatulutsa pambale. Lawani musanawonjezere mchere, chifukwa tinkhoko tija tili kale ndi mchere wake.

Zowawasa monga ndimu, viniga, vinyo ndi tomato zikawira nthawi yaitali m'chiwaya cha cast iron zimadya kachikuto kakuda ka chiwayacho ndipo chakudya chimamveka chitsulo. Kwa mphindi zochepa ngati izi palibe vuto, bola msuzi musausiye mmenemo mpaka mawa.

Podula nyama, yang'anani kumene ulusi wa mnofu ukulowera, mpeni udutse chopingasa ulusiwo, osati kuutsatira. Ulusi ukafupika, mano sagwira ntchito yambiri.

Nganga yonenepa kapena ya khungu ndi fupa

Nthawi zina simufuna kuisasantha, mukufuna ioneke yonenepa pambale, kapena mwagula ya khungu ndi fupa lake. Pamenepa chiwaya cha cast iron chimaposa zinzake chifukwa chimalowa mu uvuni chonse, chigwiriro chomwe. Yatsani uvuni ufike madigiri 200 musanayambe. Kazingani mbali yoyamba mphindi 4 kapena 5 mpaka ifiire, tembenuzani, lowetsani chiwaya mu uvuni. Yopanda fupa imafuna mphindi 8 mpaka 12, ya fupa imatha kufuna 20 kapena kuposerapo, ndipo muyambe kuyeza nthawi isanakwane. Ya khungu muyambe ndi khungu pansi, pamoto wocheperako ndi mafuta ochepa, muipatse mphindi 7 kapena 8 kuti mafuta a pansi pa khungu asungunuke, khungulo liume n'kumathetheka. Poyeza ya fupa, nsonga ya thermometer isagunde fupalo.

Chigwiriro chotuluka mu uvuni chimaoneka chimodzimodzi ndi chozizira. Ndinachitulutsa bwinobwino ndi nsalu tsiku lina, ndinachiika pasitovu, ndinatembenuka kutenga anyezi, pobwerera n'kuchigwira ndi dzanja lamanja lonse. Chikhatho chinatupa matuza mzere umodzi, sabata yathunthu ndikulemba movutikira. Kuyambira tsiku limenelo, chiwaya chikangotuluka mu uvuni ndimakoleka nsalu pachigwiriro n'kuisiya pomwepo, kuti ikumbutse ine ndi aliyense wolowa m'khitchini. Nsaluyo ikhale youma, yonyowa imadutsitsa kutentha nthawi yomweyo.

Yotsala ilowe m'firiji maola awiri asanathe, m'chotengera chotseka, ndipo idyedwe m'masiku atatu kapena anayi. Ine ndimaikonda yozizira, yodula mopyapyala, chifukwa kuitenthetsanso kumaiumitsa. Mukafuna yotentha, ikani m'poto ndi timadzi kapena msuzi pang'ono, muvindikire, itenthe mpaka mkati.

Kutsuka chiwaya

Kachikuto kakuda ka chiwayachi si utoto ndipo si litsiro. Ndi mafuta amene anapsa pachitsulo n'kuuma kukhala kakhungu kolimba, ndipo ndi kamene kamateteza ku dzimbiri ndi kuchepetsa kumatirira. Chiwaya chikazizira moti n'kugwirika, chitsukeni ndi madzi otentha ndi burashi. Kasopo kotsukira mbale pang'ono sikawononga kanthu, ngakhale ena amaopa. Zokakamira muzikhule ndi mchere wokhakhala ndi kansalu, kapena muwiritsemo madzi mphindi ziwiri n'kupala ndi supuni yamtengo. Musachiviike m'madzi usiku wonse, musachiike m'makina otsukira mbale, ndipo chikadali chamoto musachithire madzi ozizira ambiri, chifukwa cast iron ndi yolimba koma siipindika, imatha kung'aluka.

Mukatsuka, pukutani, muchiike pamoto waung'ono mphindi ziwiri kapena zitatu kuti chinyontho chonse chithe. Donthezanimo mafuta theka la supuni yaing'ono, muwapake paliponse ndi pepala, kenako mutenge pepala lina mupukutenso ngati kuti munalakwitsa kuthira. Mafuta otsala ochuluka amamata m'manja. Chikachita dzimbiri kapena chikuto chikasupuka, chikwecheni ndi waya wotsukira mapoto mpaka dzimbiri lithe, chiumitseni, pakani mafuta ochepetsetsa mkati ndi kunja, muchiike chozondoka mu uvuni wa madigiri 230 kwa ola limodzi, chizizire momwemo. Mubwereze kawiri kapena katatu ngati chinali chitaipa kwambiri. Posunga, ngati pamwamba pake muikapo mapoto ena, yalani pepala pakati kuti lizimwa chinyezi.